Ndi Munthu Wanga

Namwino wamkulu wa kuchipinda cha maso anali asanamalize n'komwe kumanga lamba wa yunifolomu pamene anamubweretsera kapepala kochokera ku ofesi ya mkulu wa chipatala. Mawu ake anali ochepa: pamndandanda wa opaleshoni ya lero achotsepo munthu mmodzi, malowo alowe wina amene akubwera pa galimoto. M'munsi munali sayini, basi.

Linali Lachinayi, tsiku lokhalo pa sabata limene dokotala ankachotsa ng'ala m'maso mwa anthu. Ankachita anthu asanu ndi mmodzi, osapitirira pamenepo. Sikuti unali ulesi ayi. Zida za opaleshoni zimayenera kuwiritsidwa m'makina ophera tizilombo zisanakhudze diso la munthu wina, ndipo makina amene ankagwira ntchito anali amodzi, aang'ono, ochedwa ngati nkhalamba pachitunda. Anzake aakulu anali pakona atafunditsidwa nsalu yobiriwira, chaka chathunthu ndi miyezi iwiri osatulutsa nthunzi.

Namwinoyu anali atagwira ntchito m'chipinda chimenechi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo timapepala totere anali atationa tambirimbiri. Kale ankakwera masitepe kukakangana ndi akuluakulu. Masiku ano mawondo ankamuwawa, ndiponso kukangana konse kuja sikunabwezerepo dzina la munthu ngakhale limodzi. Anausa moyo, anatenga cholembera, n'kufufuta dzina lomaliza.

Dzinalo linali la amayi ena atelala amene anakhala kumapeto kwa benchi, khadi lawo atalipanira ndi manja awiri. Diso lawo lakumanja linali litayera mbuu, ndipo lakumanzere nalo linali litayamba chifunga. Tsiku limeneli analidikira miyezi isanu. Anatseka kashopu kawo, anabweza nsalu za eni ake zosasoka, n'kukwera mabasi awiri.

"Amayi, pepani," anatero namwino atawerama pafupi nawo. "Lero sizitheka."

"Ndachedwa kodi, anesi? Ine ndinafika geti asanatsegule."

"Simunachedwe. Malo achepa."

"Achepa bwanji? Dzulo munandiimbira foni kuti ndine wachisanu ndi chimodzi. Maso andithera, koma kuwerenga ndimatha. Pabenchi pano tilipo asanu ndi mmodzi."

Namwino anatenga khadi lija n'kulembapo tsiku lina, miyezi iwiri kutsogolo, chifukwa masabata onse apakati anali odzaza kale. Kenako anawagwira paphewa.

"Mundimvetsetse, amayi. Ng'ala yanu yakumanjayi yakhwima kwambiri. Diso likafiira n'kuyamba kupweteka, kapena mutu ukamawawa mbali imodzi mpaka kusanza, musadikire tsiku ndalembali. Mubwere tsiku lomwelo."

"Ndibwere kuti mudzandibwezenso?" Amayiwo anafunsa motsitsa, opanda ukali. Anaika khadi m'thumba, anapapasa khoma n'kutuluka.

Pasanathe mphindi khumi, munthu wa pa galimoto uja analowa. Namwino anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali dalaivala wa mlongo wake weniweni wa namwinoyo, wobadwa naye bere limodzi.

"Abwana ati ndikupatseni moni, amayi," anatero dalaivalayo mwaulemu wake wonse, osadziwa kanthu.

Mlongo wakeyu anali mwini mabasi makumi anayi ndi galaja yaikulu. Pachibale ankamutchula kuti Achikwama, poti pakagwa vuto anthu ankayamba kuyang'ana thumba lawo asanayang'ane nkhope. Ndipo tinene zoona, Achikwama sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinkatopetsa kwambiri. Ana a abale ankawaphunzitsa, wantchito wawo akadwala ankathamanga naye okha. Munthu akangolowa m'mawu awiri aja akuti "munthu wanga", ndiye kuti mvula siimugweranso. Kungoti kunja kwa mawu amenewo Achikwama sankaonako chilichonse.

Loweruka masana namwino anapita kukawaona. Anawapeza pakhonde, miyendo ili pampando wina, akusangalala.

"Mwaona, achemwali? Foni imodzi yokha! Ndinangouza mkulu wanu uja kuti uyu ndi munthu wanga, wandiyendetsa zaka khumi ndi zisanu. Lero akuona ngati kamwana."

"Bwanji simunamutengere kuchipatala cholipira, achimwene?"

"Kulipira ndikanalipira, si nkhani. Koma aliyense amati dokotala wa manja abwino ali kwanuko."

"Nanga munafunsa kuti malo amene analowawo anali a ndani?"

Achikwama anaseka. "Aaa, inunso achemwali! Chipatala chachikulu chonchija, munthu mmodzi angachepetse chiyani?"

Namwino anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anali atatopa, miyendo itatupa ndi kuimirira kwa sabata yonse, ndipo mlamu wake anali atabweretsa kale tiyi. Anamwa tiyiyo n'kubwerera kwawo. Kukhala chete kumeneko kunadzamuwawa pambuyo pake kuposa mawondo.

Patapita masabata asanu, amayi atelala aja anabweranso, mnansi wawo atawagwira dzanja. Diso lakumanja linali lofiira psuu, likutuluka misozi, ndipo dokotala atalikhudza linali lolimba gwa. Ng'ala yokhwima ija inali itatseka njira ya madzi a m'diso, madziwo n'kudzaza mpaka kupha mtsempha woonera. Dokotala anachita opaleshoni tsiku lomwelo kuti ululu uleke, koma ananena mosabisa kuti diso limenelo silidzaonanso.

"Linayamba liti kupweteka?" namwino anafunsa.

"Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi."

"Mayi inu! Kodi sindinakuuzeni kuti mubwere tsiku lomwelo?"

"Munandiuza, anesi, sindikana. Koma ulendo woyamba uja anansi anandiperekeza mpaka pa siteji ndi mapemphero, ine n'kubwerako ndi diso lomwelo. Ana a pamsika anandifunsa kuti, kodi amayi munakangoyendera chipatala? Ndinaopa kubwezedwa kawiri. Ndinkangomanga kansalu konyowa, n'kumati mawa lileka."

Namwino anayang'ana diso lotsalalo ndi katochi. Chifunga chinali chitakula. Tsiku lija la pakhadi linali la diso lakumanja ndipo linathera pomwepo, moti lakumanzere linayenera kuyamba mzere watsopano. Anayang'ana mndandanda, ndipo malo oyamba opanda munthu anali miyezi isanu ndi iwiri kutsogolo. Miyezi isanu ndi iwiri inali yokwanira kuti ng'ala yachiwiriyi nayo ikhwime n'kuchita zomwezo. Likapita limenelo, amayiwa sadzaonanso dzuwa, ndipo kusoka ndiye kunali chakudya chawo ndi cha adzukulu awiri.

Nthawi ya nkhomaliro namwino sanadye. Anakwera basi ndi yunifolomu yake yomweyo mpaka ku galaja. Mu ofesi ya Achikwama munali fungo la dizilo ndi mpweya wozizira wa makina, ndipo manijala wa kampani, munthu wa tayi yonyezimira, anali momwemo. Namwino sanadikire kuti atuluke. Anafotokoza zonse ali chiimire, kuyambira kapepala kaja mpaka masiku khumi ndi limodzi.

Nkhope ya Achikwama inagwa. "Sindinadziwe, achemwali. Mulungu mboni, sindinadziwe."

"Simunadziwe chifukwa simunafunse. Paja amati safunsa anadya phula, koma apa phula ladyedwa ndi wina."

Manijala anakhosomola. "Abwana, izi n'zazing'ono, musadwale nazo mutu. Tigule mabulangeti zana, sopo ndi shuga, tipite kuchipatalako ndi wojambula zithunzi. Amayiwo tiwagulire makina osokera atsopano, a magetsi. Kupatsa n'kuika, abwana. Nkhani itha bwino, dzina la kampani likweranso."

Namwino anamuyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. "Makina osokera munthu amene sakuona? Azisoka ndi mphuno? Ndipo kuchipinda kwathu anthu sagona, bambo. Mabulangetiwo afunda ndani?"

"Chabwino, chabwino," Achikwama anadula, akutulutsa foni m'thumba. "Ndiimbanso kwa mkulu wanu. Lachinayi likubwerali amayiwo alowe, ndinena kuti ndi munthu wanga."

Apa ndiye namwino anaiwala ulemu wa mu ofesi ya eni. "Iwe! Ndinakubereka kumsana ine, makutu amenewo ndinkawatsuka ndine, koma mpaka lero samva. Ukaimba foniyo, ine ndikafufuta dzina la ndani? Ukuganiza kuti malo amamera ukaimba foni? Amachotsa munthu, munthu wa magazi ngati iweyo, kungoti alibe womuimbira!"

Manijala anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito panja. Achikwama anaika foni patebulo pang'onopang'ono.

"Ndiye nditani, achemwali? Ndiuzeni, ndichita."

Namwino anakhala pampando, mphamvu zonse zitamuthera. "Nanenso ndili ndi mlandu, achimwene. Cholembera chinali m'manja mwanga. Ndatopa, ndipo kutopa kwanga kwadya diso la munthu. Bwerani Lachinayi mudzakhale pabenchi. Musabwere ndi katundu, musabwere ndi wojambula, foni ikhale m'thumba. Mudzangoona."

Achikwama anabweradi, atavala malaya wamba. Palibe anawadziwa, ndipo mayi wina anawauza kuti asendere, akutenga malo a anthu awiri. Anakhala pakati pa mphunzitsi wopuma ntchito amene anali atasiya kuwerenga zaka zitatu zapitazo, ndi kalipentala amene anadzicheka chala poyesa kugwira ntchito mopapasa. Awiriwa anabwera kudzangoyezetsa maso, tsiku lawo la opaleshoni linali likadali kutali. Anaona dokotala akutuluka atamaliza munthu mmodzi, n'kukhala pampando manja ali m'mwamba, kudikira zida. Anadikira mphindi makumi asanu. Atamaliza wachiwiri, anadikiranso chimodzimodzi.

"Ndiye dokotalayu theka la tsiku amangokhala?" Achikwama anafunsa namwino atawaitanira mkati.

"Amadikira kamakina ako. Akanakhala kuti awa akugwira ntchito, bwenzi tikuchita anthu khumi ndi anayi." Anavundukula nsalu yobiriwira ija.

"Anafa chiyani? Injini?"

"Raba ya pachitseko inang'ambika, ndiye nthunzi imathawa. Pali kavalavu kenanso kamene kanatha. Zimachokera kunja. Kalata yopempha tinalemba chaka chatha, ili pa tebulo lina kumtundaku, ikudikira sayini."

Achikwama anawerama, anapisa chala m'mphepete mwa chitseko, n'kutulutsa chidutswa cha raba youma. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Gasiketi," anatero ndi mawu otsika. "Chaka ndi miyezi itatu chifukwa cha gasiketi. Achemwali, basi yanga sigona masiku awiri chifukwa cha kanthu aka. Katundu wanga wa zitsulo amabwera kuchokera kunja mwezi ndi mwezi." Kenako maso awo anawala. "Dikirani! Makaniko wanga wamkulu akhoza kudula raba ya chubu, pofika madzulo makinawa alira."

"Ayi, achimwene, mwayambanso kuthamanga. Limeneli ndi diso, si injini. Nthunzi ikapanda kufika pa mlingo wake, tizilombo titsala, ndipo tichititsa khungu anthu khumi ndi anayi tsiku limodzi. Pafunika raba ya eni ake amene anapanga makinawa, ndi katswiri wa makina a chipatala woti adzaike n'kuyesa. Ndipo azibwera miyezi itatu iliyonse, chifukwa mukangokonza kamodzi n'kupita, chaka chamawa nsaluyi ibwerera pomwepa."

"Ndiye ine ntchito yanga ndi iti?"

"Muli ndi zinthu ziwiri zimene ife tilibe. Muli ndi njira yobweretsera katundu, komanso foni yanu imayankhidwa. Yanga ine imalira mpaka kutopa."

Achikwama anayesa kuti ndi nkhani ya sabata imodzi. Ha! Mkulu wa chipatala amene anayankha msangamsanga tsiku la dalaivala lija tsopano anali m'misonkhano tsiku ndi tsiku. Kuchitira chifundo munthu mmodzi kunali kosavuta, koma kusuntha kalata kunafuna masayini anayi, ndipo aliyense wosayina anali ndi chifukwa chake chodikirira mnzake. Achikwama anakwera masitepe aja kasanu ndi kawiri. Anakhala pamipando ya alendo mpaka msana kuwawa, anabwezedwa, anauzidwa kuti abwere mawa. Raba yoyamba inabwera yosiyana nambala, anaitanitsanso ina. Tsiku lina anatsika masitepe akupukuta thukuta, n'kufunsa mlongo wawo kuti, "Inu mwakhala bwanji zaka zonsezi?" Namwino anangoti, "Monga mukuoneramu."

Mkati mwa masabata amenewo, amayi atelala anabwera kudzaonetsa bala. Namwino analozera mlongo wake amayiwo ndi chibwano. Achikwama anazengereza, kenako anapita kukakhala pambali pawo pabenchi.

"Amayi, ine ndi amene ndinaimba foni tsiku lija anakubwezani. Ndinkafuna kuthandiza dalaivala wanga. Sindinafunse kuti malowo ndi a ndani."

Amayiwo sanatembenuke.

"Dalaivala wanuyo akuona?"

"Akuona, amayi."

"Chabwino. Ndiye diso langa silinapite pachabe." Mawuwo sanawanene monyoza ayi, ndipo n'chifukwa chake anabaya kwambiri.

"Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa," Achikwama anatero. "Koma kuyambira lero ndinu munthu wanga. Chilichonse chimene mungafune, kulikonse kumene angakutsekereni chitseko, mungotchula ine."

"Ayi, bambo, zikomo. Musandipange munthu wanu."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Mukatero, mawa mudzachotsa wina kuti ine ndilowe, ndipo ine ndadziwa kale mmene zimawawira. Ndisiyeni pamzere pomwepa. Ngati muli ndi mphamvu, kankhani mzerewu uziyenda, tonse tifike."

Makina aja analira pa sabata yachisanu ndi chimodzi. Katswiri anawayesa katatu, n'kusayina. Achikwama anagulanso zida zina za opaleshoni kuti zina zikamawira zina zizigwira ntchito, ndipo anagwirizana ndi katswiriyo kuti azibwera miyezi itatu iliyonse. Manijala anapempha kuti pamakinapo amatepo kapepala ka dzina la kampani, koma namwino anati mapepala amasunga fumbi. Lachinayi loyamba anachita anthu khumi ndi awiri, lotsatira khumi ndi anayi. Mzere unayamba kuyenda. Mphunzitsi uja analowa, kalipentala analowa, ndipo dzina la amayi atelala linafika lokha pa nthawi yake, popanda wofufutidwa. Ng'ala inali itatsala pang'ono kukhwima, koma dokotala anati aipeza nthawi ikadalipo.

Lachisanu m'mawa namwino anawakhazika pabedi n'kuyamba kumatula pulasitala. Achikwama anali atalowa mwakachetechete n'kuima pafupi ndi bedi, mbali yakumanja, kapu ili m'manja.

Thonje litachoka, amayiwo anaphethira kangapo. Misozi inatsika. Kenako anayang'anitsitsa namwino.

"Anesi! Ndinu achikulire chonchi? Mawu anu aja ndinkayesa ndinu mtsikana."

"Ndi ntchitoyi, amayi," namwino anaseka, naye maso atadzaza misozi. "Zala zanga mukuona zingati?"

"Zitatu. Ndipo kolala yanuyo anasoka mokhota, amene anakusokeraniyo anakuberani."

Anayang'ana zenera, anayang'ana zikhatho zawo, anayang'ana makina aakulu aja akutulutsa nthunzi pakona. Kenako anafunsa, "Nanga bambo aja sanabwere? Ndimafuna ndiwaone nkhope."

"Ndili pano, amayi," Achikwama anayankha. Anali ataima pafupi moti akanatha kuwagwira phewa.

Amayiwo anadzidzimuka pang'ono. "Muli kumeneko? Zungulirani mbali ino, bambo, khosi ndauzidwa kuti ndisamalipotoze. Mbali imeneyo munthu angaime chaka chonse, kwa ine kulibe aliyense."

Achikwama anazungulira bedi n'kuima kumanzere. Amayi atelala anawayang'ana ndi diso lawo limodzilo kwa nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ooh," anatero pomaliza. "Nkhope yabwinobwino. Ine masiku onsewa ndinkayesa kuti munthu amene anandichita zimenezi ndi woipa nkhope."

Achikwama anangoweramitsa mutu, kapu ikupotozeka m'manja. Namwino anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anasuzumira pakhomo n'kuitana wotsatira.

Phunziro: Ngati muli ndi chuma kapena mawu amene anthu amawamvera, musanathandize yambani mwafunsa amene amagwira ntchito pamalopo kuti chasowa n'chiyani, ndiponso kuti thandizo lanulo lipweteka ndani. Kudumphitsa m'bale wanu pamzere si kuthandiza, n'kungosamutsira vuto kwa munthu amene alibe womulankhulira. Mphamvu zanu zigwire ntchito yokonza chimene chaimitsa mzerewo, ndipo mupirire mpaka chitheke. Nanunso odwala, diso likafiira n'kumapweteka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale munabwezedwapo kale.